Akatswiri Akatchona, Yunivesite Imatsala ndi Chiyani?



Mutu umene ndapatsidwa ndi wa kuchoka kwa aphunzitsi a m'mayunivesite a mayiko osauka kupita kumayiko olemera. Pa nkhani imeneyi aliyense muno ali ndi dzina limene angatchule: mnzathu uja tinkakhala naye ofesi imodzi, pulofesa uja adatiphunzitsa m'chaka chachitatu, mwana uja adakhoza kuposa anzake onse. Lero ali ku Gaborone, ku Pretoria, ku Leeds kapena ku Toronto. Tikakumana timawatchula, n'kupukusa mitu, n'kubalalika. Lero ndikufuna tipitirire pamenepo, ndipo mfundo yanga ndi imodzi. Katswiri akachoka pa yunivesite, chachikulu chimene tataya si makalasi amene akadaphunzitsa chaka chimenecho, koma akatswiri ena amene akadawasula m'zaka makumi awiri zotsatira. Dziko limene silitha kusula akatswiri ake pakhomo lidzakhala likuphunzitsira anzake anthu mpaka kalekale.

Ndiyambe ndi kunena kuti kuyenda si mlandu. Ife ulendo tidauzolowera kale. Agogo athu adapita wapansi ku Halale ndi ku Joni. Ena adakwera ndege za Wenela, mpaka mu 1974 pamene ndege ina idagwa ku Francistown n'kupha anthu oposa 70, boma n'kuimitsa kaye kulemba anthu opita kumigodi. Ena adabwerako ndi njinga ndi makina osokera, ena adatchona. Munthu wophunzira nayenso ali ndi ufulu wopita kumene akufuna, ndipo nzeru zenizenizo zimakula anthu akamayenderana. Ngakhale dziko la Britain, limene lero likulandira anthu athu, lidaliraponso: mu 1963 bungwe la Royal Society lidatulutsa lipoti lodandaula za asayansi a m'dzikomo amene ankasamukira kunja, makamaka ku America. Kusiyana kwake n'kwakuti Britain ikataya katswiri imakatenga wina ku India, ku Nigeria kapena ku South Africa. South Africa nayo imakatenga ku Zimbabwe, ku Zambia ndi kuno. Ife tili kumapeto kwa mzere, tilibe kokatenga.

Tiyeni tione mmene mphunzitsi wa pa yunivesite amapezekera. Dipatimenti imaona wophunzira amene wakhoza bwino kwambiri digiri yoyamba, n'kumusunga kuti azithandiza kuphunzitsa. Kumbuyoku mwanayu wadutsa zaka 8 za pulayimale, 4 za sekondale ndi zina 4 za kukoleji, zambiri mwa izo pa msonkho wa mlimi wa fodya ndi mayi wogulitsa tomato pamsika. Kenaka amamutumiza kukachita digiri ya masitazi, chaka chimodzi kapena ziwiri. Akabwerako amaphunzitsako pang'ono, n'kunyamukanso kukachita PhD, zaka zitatu, zinayi kapena kuposerapo. Pobwera ndi chipewa cha PhD ambiri amakhala atayandikira zaka 40, komabe ulendo usanathe. Ayenera kuchita kafukufuku wakewake, kusindikiza zimene wapeza, kudzudzulidwa ndi kuwongoleredwa ndi akuluakulu, mpaka atafika poti iyenso n'kuyang'anira ophunzira a masitazi ndi a PhD. Apa m'pamene dziko limayamba kudyerera. Tsoka lake, apanso m'pamene mayunivesite akunja amamudziwira, chifukwa dzina lake layamba kuoneka m'magazini a kafukufuku.

Mlimi aliyense amasiyanitsa chimanga chodya ndi chimanga cha mbewu. Njala ikavuta ungathe kugulitsa chodya n'kupirira mpaka masika, koma ukagulitsa cha mbewu wagulitsa zokolola za chaka chamawa. Mphunzitsi woyang'anira ophunzira a PhD ndiye mbewu ya yunivesite. Akachoka iyeyo, pulogalamu ya PhD mu dipatimentimo imafa, kapena siibadwa n'komwe. Ikafa, ana athu anzeru tiyenera kuwatumizanso kunja. Amapita ali achinyamata, amakhalako zaka zambiri, amakwatira kapena kukwatiwa komweko, ana awo amayamba sukulu komweko, ndipo kubwerera kumasanduka nkhani ya banja lonse. Kuchoka kwa mmodzi kumabala kuchoka kwa ena.

Malemu Thandika Mkandawire adalemba mu 1995 za mibadwo itatu ya akatswiri a m'mayunivesite a mu Africa. Mbadwo woyamba udaphunzira kunja cha m'nthawi yolandira ufulu, ndipo ambiri adabwerera kudzamanga mayunivesite atsopano. Wachiwiri udaphunziranso kunja, koma ambiri sadabwerere, ndipo ena obwererawo adachokanso. Wachitatu udaphunzira pakhomo, m'mayunivesite amene mabuku adali atatha ndipo aphunzitsi ambiri odziwa zinthu adali atapita. Iye ankadziwa chimene ankalemba. Boma la Malawi lidamulanda pasipoti mu 1965 ali pasukulu ku America, ndipo adakakhala ngati wothawa kwawo ku Sweden. Pambuyo pake adatsogolera bungwe la CODESRIA ku Dakar, bungwe la kafukufuku la UNRISD ku Geneva, n'kukhala pulofesa ku London School of Economics. Adamwalira ku Stockholm mu 2020. Mmodzi mwa akatswiri a zachuma otchuka kwambiri amene Africa idakhalapo nawo adali Mmalawi, ndipo nzeru zakezo adazigwiritsa ntchito kunja pafupifupi moyo wake wonse.

Izi zikutifikitsa pa chifukwa choyamba chimene anthu athu adachokera, chomwe ndi mantha. Yunivesite ya Malawi idakhazikitsidwa mu 1964, chaka chomwecho chimene nduna zidasemphana ndi Dr. Kamuzu Banda, choncho idakula pansi pa diso la boma lokayikira munthu aliyense wofunsa mafunso. David Rubadiri, kazembe wathu woyamba ku America ndi ku United Nations, adatula pansi udindo mu 1965, n'kukaphunzitsa ku Makerere, ku Nairobi, ku Ibadan ndi ku Botswana. Adadzakhala mkulu wa Yunivesite ya Malawi mu 2000, mphamvu zake zambiri zitathera kwa ana a eni. Frank Chipasula adathawa m'dziko muno. Felix Mnthali adatsekeredwa, ndipo pambuyo pake adakaphunzitsa ku Botswana. Jack Mapanje, mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi ku Chancellor College, adamangidwa mu September 1987, n'kukhala ku Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu mpaka mu 1991. Atatuluka adapita ku Britain. Anthu awa sadachoke chifukwa cha dyera. Dziko lawo lomwe ndi limene lidawathamangitsa.

Tisaganize kuti zidathera mu 1994 pamene ulamuliro wa Dr. Banda udatha. Mu February 2011 mkulu wa apolisi m'dziko muno adaitanitsa Dr. Blessings Chinsinga kukamufunsa za chitsanzo chimene adapereka m'kalasi, chokhudza kusowa kwa mafuta ndi zipolowe za kumpoto kwa Africa. Aphunzitsi adasiya kuphunzitsa, ena adachotsedwa ntchito, ndipo mkanganowo udatenga pafupifupi miyezi 8. Mphunzitsi amene akuganiza kuti m'kalasi mwake muli kazitape amayamba kuyesa mawu ake asanawatulutse. Wina amazolowera kukhala chete, wina amayamba kufunsira ntchito kunja. Njira zonse ziwirizi dziko ndi limene limaluza.

Chifukwa chachiwiri ndi chuma. Kuyambira mu 1981 Malawi idalowa m'mapangano a ngongole ndi Banki Yaikulu ya Dziko Lonse ndi IMF, okhala ndi mfundo zochepetsa ndalama zimene boma limagwiritsa ntchito, monga zidachitikiranso m'mayiko ambiri a mu Africa. M'zaka zimenezo akatswiri a Bankiyo ankawerengera kuti ndalama yoikidwa kupulayimale imapindulitsa dziko kuposa yoikidwa kuyunivesite, ndipo opereka thandizo adatsatira maganizo amenewo. Malaibulale adasiya kulandira magazini atsopano, malabotale adauma, malipiro adatsalira m'mbuyo. Nthawi yomweyo Botswana idali ikumanga yunivesite yake ndi ndalama za dayamondi, ndipo tsankho litatha, mayunivesite a ku South Africa ndi Namibia adatsegula zitseko. Mu 2000 gulu la akatswiri limene Bankiyo idakhazikitsa pamodzi ndi UNESCO lidatulutsa lipoti lonena kuti dziko losauka silingatukuke popanda mayunivesite olimba. Mawu adali oona, koma adafika mbadwo wathunthu utapita kale.

Lero tili ndi vuto lina pamwamba pa akalewo. Mayunivesite achuluka, ndipo n'zoyamikika. Ya Mzuzu idatsegulidwa mu 1999, LUANAR idaima payokha mu 2012, MUST idatsegulidwa ku Thyolo mu 2014, ndipo mu 2021 KUHeS ndi MUBAS zidapatuka ku Yunivesite ya Malawi. Onjezanipo mayunivesite a mipingo ndi a anthu wamba. Koma nyumba imamangidwa m'zaka ziwiri, pamene pulofesa amatenga zaka makumi awiri. Akatswiri omwewo ochepa aja ndi amene akugawanidwa.

Ndiloleni ndikuonetseni moyo wa munthu amene wabwerera. Tinene kuti ndi mayi, wabwera ndi PhD ya sayansi ya nthaka, mtima uli m'mwamba kuti afufuze chifukwa chimene minda ya kwawo yaguga. Akufika akupeza kalasi ya ophunzira mazana angapo, ena ataima m'mazenera. Mayeso akatha, mapepala amapita nawo kunyumba m'makatoni, n'kumachonga usiku, magetsi akazima n'kuyatsa tochi ya pafoni. Makina oyezera dothi mu labotale alimo, adabwera ndi polojekiti ina imene idatha kale, koma kachipangizo kamodzi kadapsa. Kuti kabwere pafunika madola, ndipo pempho la ndalama zakunja likadali pamzere kubanki. Kuti akwezedwe pantchito ayenera kusindikiza kafukufuku, koma nthawi yochitira kafukufukuyo ilibe malo pa ndandanda yake, ndipo magazini ena amafuna kulipiridwa, m'madolanso. Malipiro ake adagwa limodzi ndi kwacha, imene idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kuchepetsedwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Kumudzi onse akudziwa kuti mwana wawo ndi dokotala wa maphunziro, choncho fizi, feteleza ndi maliro zonse zikuyang'ana iye.

Ndiye foni ikulira. Bungwe lina likufuna munthu wolilembera lipoti, ndipo ganyu ya masabata ochepa ilipira kuposa malipiro ake a miyezi. Ndani angakane? Amavomera koyamba, kachiwiri, kenaka n'kukhala munthu wa misonkhano ya kunyanja. Mafunso amene akuyankha tsopano si akenso ayi, ndi a mwini ndalama, ndipo lipoti likatha limakagona m'kabati. Wophunzira wake wa masitazi akugogoda pa ofesi yotseka. M'kaundula wa yunivesite mayiyu alipo, koma kafukufuku wa nthaka uja adafa. Uku nakonso ndi kuchoka, kungoti sikufuna pasipoti, ndipo sikuwerengedwa paliponse. Tsiku limene mphunzitsi wake wakale adzamulembere kuti kuno kwapezeka malo, labotale ilipo, ophunzira ndi ochepa, sukulu ya ana ili pafupi, mudzadabwa akalongedza?

Pali mayankho amene timathamangira, ndipo ndi bwino tiwayeze. Loyamba ndi kusainitsa pangano loti wophunzitsidwa ndi ndalama za boma adzagwire ntchito zaka zakutizakuti. Pangano lotere ndi lachilungamo, ndipo wolisaina alilemekeze. Koma limangogwira miyendo. Zaka zija zikakwana munthu amanyamuka, ndipo amene wapeza ntchito ya malipiro a mapaundi amatha kungobweza ndalamazo. Lachiwiri ndi kudzitonthoza kuti opitawo amatumiza ndalama. N'zoona, ndalamazo zamanga nyumba ndi kulipirira ana ambiri fizi. Koma ndalama yotumizidwa pafoni siwerenga mutu wachitatu wa kafukufuku wa wophunzira n'kumuuza pamene walakwitsa. Lachitatu ndi kufuna chipukutamisozi kwa mayiko olandira. Katswiri wa zachuma Jagdish Bhagwati adapereka ganizo la msonkho wapadera pa akatswiri osamuka kale m'ma 1970, koma silidayende monga adalifunira. Mu 2010 mayiko a m'bungwe la WHO adagwirizana pa malamulo a kalembedwe ka ogwira ntchito zachipatala ochokera kumayiko ena, koma kuwatsatira n'kodzifunira. Lachinayi ndi kulalikira za kukonda dziko. Ambiri mwa amene adachoka amalikonda dziko lino koposa ena a ife otsala. Chimene adasowa ndi malo ogwirira ntchito imene adaphunzira.

Nanga chimene chidathandizapo n'chiyani? Chitsanzo chabwino tili nacho pakhomo. Chisanafike chaka cha 1991, Mmalawi wofuna udokotala ankaphunzira kunja, ndipo ambiri sankabwerera. Anthu monga malemu Pulofesa John Chiphangwi adalimbikira kuti sukulu ya madokotala ikhale konkuno, ndipo College of Medicine idatsegulidwa ku Blantyre m'chaka chimenecho. Ophunzira adayamba kuphunzirira pa odwala athu ndi matenda athu, m'chipatala cha Gulupu, ndipo ena mwa iwo lero ndi amene akuphunzitsa ndi kutsogolera kafukufuku. Alipo amene amachokabe, koma sukuluyo ikusula ena chaka ndi chaka. Ndipo pamene anamwino ndi madokotala ankachoka mochuluka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, boma ndi opereka thandizo adakhazikitsa ndondomeko yapadera mu 2004, imene idawonjezera 52 peresenti pa malipiro a magulu angapo a ogwira ntchito zachipatala, n'kukulitsanso sukulu zowaphunzitsira. Zidaonetsa kuti boma likafuna, njira imapezeka.

Kunja nakonso kuli zoti tiphunzire. South Korea idali dziko losauka pamene idakhazikitsa bungwe la kafukufuku la KIST mu 1966. Idapita kukasaka asayansi ake ku America ndi ku Ulaya, n'kuwapatsa nyumba, malipiro abwino, zipangizo ndi ufulu woyendetsa kafukufuku wawo. Taiwan idatsegula malo a sayansi ndi mafakitale a Hsinchu mu 1980, ndipo akatswiri ake ambiri adabwerera chifukwa kudali ntchito yoyenera maphunziro awo. Mayikowa sadatseke malire. Adakonza pakhomo. Mu Africa muno, mgwirizano wa mayunivesite wa RUFORUM wakhala ukuthandiza maphunziro a masitazi ndi PhD a zaulimi kuyambira mu 2004, ndipo mu 2016 Malawi idapeza malo awiri a ukatswiri wapamwamba othandizidwa ndi Banki Yaikulu ija, ena a zansomba ku LUANAR, ena a zaumoyo ku College of Medicine. Komanso kumbukirani kuti pulogalamu ya Carnegie yobweretsa akatswiri a ku Africa okhala ku America ndi Canada kudzagwira ntchito kwa masabata angapo m'mayunivesite a mu Africa, imene idayamba mu 2013, idachokera pa kafukufuku wa Mmalawi, Pulofesa Paul Tiyambe Zeleza, yemwe adaphunzira ku Chancellor College. Mayiko amene adapindula nayo ndi Ghana, Kenya, Nigeria, South Africa, Tanzania ndi Uganda. Palibe chotiletsa ife kukonza yathuyathu.

Ndimalize ndi zopempha, ndipo aliyense atenge chake.

Kwa boma: mayiko a mu Africa adalonjezana kale kuti 1 peresenti ya chuma cha dziko izipita ku kafukufuku. Ngakhale tisanafike pamenepo, pakhale thumba la kafukufuku lodalirika, lopikisanirana poyera, lokhala ndi gawo la amene angomaliza kumene PhD, chifukwa zaka zoyambirira munthu atabwerera ndi zimene zimagamula ngati akhale kapena apite. Zipangizo za mu labotale zisaime pamzere umodzi wa ndalama zakunja ndi magalimoto apamwamba. Ndipo wapolisi asadzafunsenso mphunzitsi zimene wanena m'kalasi. Masomphenya a Malawi 2063 akukamba za mafakitale ndi ulimi wamakono. Zimenezo zimafuna anthu, ndipo anthuwo amasulidwa ndi aphunzitsi amene tikukamba lerowa.

Kwa oyendetsa mayunivesite: zina sizifuna ndalama n'komwe. Munthu wobwera ndi PhD asadikire miyezi kuti apatsidwe ofesi kapena kuikidwa pa giredi yake. Kukwezedwa kuyendere ntchito, osati kwawo kwa munthu kapena chipani. Kuyang'anira ophunzira a masitazi ndi PhD kuwerengedwe ngati ntchito yeniyeni, kukhale ndi nthawi yake. Maganyu akunja adutse ku yunivesite, kuti ophunzira alowemo ndipo zopezeka zisindikizidwe. Pamene dipatimenti imodzi ilibe akatswiri okwanira, mayunivesite athu aphatikizane n'kuyendetsa pulogalamu imodzi ya PhD. Mutu umodzi susenza denga.

Kwa ife otsala, makamaka akuluakulu: mnzathu akabwerera tisamulandire ndi nsanje, ngati wadzatilanda mpando. Alipo amene adabwera ndi mtima wonse, n'kubwereranso chifukwa cha ife.

Kwa abale athu ali kunja: kumapeto kwa 2018 Nyumba ya Malamulo idavomereza kuti Mmalawi atha kukhalanso nzika ya dziko lina, choncho khomo ndi lotsegula kuposa kale. Sitikunena kuti nonse mulongedze mawa. Tengani wophunzira mmodzi wa PhD, mumuyang'anire pamodzi ndi mnzanu wa kuno. Bwerani pa tchuthi mudzaphunzitse mwezi umodzi. Mukamalemba pempho la ndalama za kafukufuku, dzina la yunivesite ya kwanu lilowemo ngati mnzanu wofanana naye, osati ngati wokutolerani zinthu kumudzi.

Ndipo kwa inu ophunzira: mwayi wopita kunja ukapezeka, pitani, kaphunzireni zonse zimene mungathe. Musanakwere ndege, gwirizanani ndi dipatimenti yanu za funso limene mukafufuze, ndipo likhale funso la kuno. Ife tikhale tikukonza zoti pobwera mudzapeze labotale yogwira ntchito, mkulu wokulangizani ndi ufulu wolankhula. Yunivesite iliyonse m'dziko muno izilengeza chaka ndi chaka kuti yasula anthu angati a PhD pakhomo, ndi kuti mwa aphunzitsi amene idawatumiza kunja, ndi angati abwerera n'kukhazikika. Manambala awiri amenewo ndi amene adzatiuze ngati tikupita patsogolo.